Momwe mungakonzere mabatire a lithium pa mini-grid ya sola kuti asafe msanga

Mini-grid ya sola, malo opangira magetsi a dzuwa n'kuwagawa ku nyumba za dera limodzi, ikayamba kumathima cha m'ma 9 koloko usiku, anthu amathamangira kunena kuti mapanelo achepa. Nthawi zambiri vuto limakhala kumabatire. Mwina anagulidwa mongopenekera, kapena BMS, chipangizo chomwe chimayang'anira selo lililonse m'batire, anaisenzetsa ntchito yomwe si yake. Njira tikufotokoza panoyi ndi ya mabatire a 48 V, omwe ndi ofala pa ma mini-grid ang'onoang'ono.

Yambani ndi usiku

Kukula kwa batire sikutengera kuchuluka kwa mapanelo. Batire limagwira ntchito kuyambira dzuwa likapendeka mpaka m'mawa litakwera, choncho werengani ma kWh (mayunitsi a magetsi) a maola amenewo okha. Ngati pamalopo pali kale jenereta, ikanipo mita yolemba magetsi omwe akudutsa ola lililonse. Ngati palibe, lembani zipangizo za khomo lililonse, koma zomwe anthu akuuzeni musazitenge zonse ngati zenizeni. Munthu amene sanakhalepo ndi magetsi amatchula mababu atatu ndi foni, koma pakapita miyezi ingapo mupeza wagula TV ndi firiji.

Tiyerekeze kuti mwapeza 40 kWh usiku uliwonse. Inverter imadyako ina posintha magetsi a DC a m'batire kukhala a AC ogwiritsa ntchito m'nyumba. Ngati imatulutsa 93 pa 100 iliyonse, batire liyenera kupereka 43 kWh. Komanso simukufuna kumalikokolola mpaka pansi tsiku ndi tsiku, ndiye gawani ndi 0.8, mupeza 54 kWh. Gawaninso kachiwiri ndi 0.8, chifukwa batire limafooka likamakalamba, ndipo opanga ambiri amawerengera moyo wake mpaka pomwe latsala ndi 80 pa 100 ya mphamvu zomwe linali nazo lili latsopano. Apa mwafika pa 67 kWh. Kugawa kwachiwiriku ndi komwe ambiri amakudumpha pofuna kuti mtengo uoneke wotsika, koma mavuto ake amadzaonekera patsogolo, wogulitsa atapita kalekale.

Ngati palibe jenereta yothandizira masiku a mitambo, wonjezeranipo malinga ndi nyengo ya kumaloko. Onaninso kuti mapanelo azitha kudzaza batirelo uku akudyetsa makasitomala a masana. Pa chitsanzo chathuchi, komwe dzuwa lamphamvu limawala maola 5, batire lokha lifuna mapanelo a pafupifupi 12 kW, mukawerengera ndi magetsi otayika m'njira.

Sankhani maselo

Pa batire lokhala malo amodzi, mtundu wa lithium wotchedwa LiFePO4 ndiwo woyenera. Maselo a mtundu wina wa lithium wotchedwa NMC, omwe amapezeka m'galimoto zambiri zamagetsi, amasunga mphamvu zochuluka pa kilogalamu imodzi, koma sachedwa kuyaka akatenthedwa, ndipo kulemera si nkhani pa batire longokhala m'chipinda. Selo limodzi la LiFePO4 ndi la 3.2 V. Mukalumikiza 16 motsatizana mumapeza 51.2 V, ndipo ngati ndi maselo a 280 Ah, gulu limeneli, lomwe tizilitcha mpukutu, limasunga 14.3 kWh. Mipukutu isanu yakwanira pa 67 kWh zija.

Kenako onani ma ampere. Nthawi yomwe aliyense wayatsa zake, mwina 20 kW, mabatire amatulutsa pafupifupi 390 A, kutanthauza 78 A pa mpukutu uliwonse. Izi zili pansi pa 140 A, theka la 280, malire omwe maselo otere amapirira bwinobwino. Chenjerani ndi mapampu ndi makina ena a mota, poti polizidwa amakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa zomwe zalembedwa pakachitsulo kake. Kwa wogulitsa, funsani zikalata zachitetezo cha mabatire za IEC 62619 ndi UN 38.3, ndipo maselo onse akhale a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi.

BMS ikhale mlonda womaliza

Apa ndi pomwe pagona nkhani. BMS imayeza voltage ya selo lililonse, ma ampere ndi kutentha, ndipo zikafika poipa imadula. Selo la LiFePO4 lisapyole 3.65 V potchaja, lisatsike kupitirira 2.5 V pogwira ntchito. Koma manambala amenewa ndi a pangozi. Ntchito ya tsiku ndi tsiku yoimitsa kutchaja kapena kuthimitsa magetsi ndi ya inverter ndi charge controller, chipangizo choyendetsa magetsi ochoka ku mapanelo kulowa m'batire. Muzitchere kuti kutchaja kuzilekera pa 3.45 mpaka 3.5 V pa selo, ndiye kuti 55 mpaka 56 V pa mpukutu, ndipo inverter izithima cha pa 48 V, BMS isanalowererepo. Ngati BMS ikumadula tsiku lililonse, penapake mwatchera molakwika. Kudula kwadzidzidzi dzuwa lili paliwombo, mapanelo akukankha magetsi, kungathe kuwotcha charge controller.

Njira yabwino ndi yakuti BMS izilankhulana ndi inverter kudzera pa waya wa mauthenga wa CAN kapena RS485, n'kumaiuza kuti chepetsa apa, ima apa. Musanagule, onani ngati batire lanu lili pa mndandanda wa mabatire omwe inverter imeneyo imamvana nawo. Pulagi kulowa bwino sikutanthauza kuti ziwirizo zimvana.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza amisiri ozolowera mabatire a asidi. Voltage ya LiFePO4 siisuntha kwenikweni pakatipa: batire lomwe latsala ndi 30 pa 100 ndi lomwe lili ndi 80 pa 100 amasiyana pang'ono zedi pa mita. Choncho BMS iyenera kuwerenga ma ampere olowa ndi otuluka kudzera pa shunt, kachipangizo koyezera magetsi odutsa. Kuwerengako kumasochera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake batire lizidzaza mpaka pamwamba kamodzi pa sabata kapena masabata awiri kuti BMS iyambirenso pa 100. Nthawi yomweyo ndi imene maselo amalinganizidwa. BMS zotchipa zimalinganiza potaya mphamvu za selo lomwe latsogola, ndi ma milliampere ochepa kwambiri moti pa maselo a 280 Ah zimatenga masiku. Pa maselo akuluakulu chonchi, sankhani yomwe imasamutsa mphamvu kuchoka ku selo lodzaza kupita ku lotsalira, ndi 1 A kapena kuposerapo.

Mawaya ndi chipinda

Mpukutu uliwonse ukhale ndi fyuzi yake ya DC, monga class T kapena NH, pafupi ndi mutu wa batire, chifukwa batire la lithium likachita shoti limatulutsa ma ampere masauzande. Mawaya ochokera ku mipukutu yonse kupita pa busbar, chitsulo chomwe onse amakumanapo, akhale ofanana kutalika ndi kunenepa, apo ayi mpukutu wa waya wamfupi uzigwira ntchito ya anzake n'kukalamba wokha. Mabauti mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu malinga ndi zomwe wopanga walemba. Polumikiza inverter koyamba, dutsitsani magetsi pa resistor, kachipangizo kochepetsa ma ampere, kwa masekondi angapo kuti ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwa inverter, adzaze mwapang'onopang'ono, popanda kuthetheka.

Maselowa amakonda kutentha kwa pafupifupi 25°C. Kontena yachitsulo yokhala padzuwa imatha kupyola 45°C masana, ndipo izi zimadula zaka za batire. Ikani denga lina pamwamba pake, siyani mpata woti mpweya uzidutsa pakati pa mipukutu, ndipo inverter, yomwe imatulutsa kutentha kwakeko, ikhale patali ndi mabatire. Kumalo ozizira, BMS iletse kutchaja kukazizira kufika pansi pa 0°C.

Musanalumikize mipukutu pamodzi, tchajani uliwonse paokha mpaka ifanane voltage. Mukalumikiza, yatsani zipangizo zokoka magetsi ambiri kwa ola lathunthu, kenako yezani kutentha pa bauti lililonse. Lomwe latentha kuposa anzake silinamangike bwino. Lembani m'buku kusiyana kwa selo lapamwamba ndi lotsikitsitsa batire litadzaza, ndipo muziyerekeza nambala imeneyo mwezi ndi mwezi. Ikayamba kukwera mpaka kupyola 0.1 V, fufuzani selo lomwe likutsalira lisanayambe kudulitsa mpukutu wonse.