Filimu yakale musamaitambasule pa TV

Mafilimu ambiri amene anajambulidwa chisanafike chaka cha 1953, komanso masewero a pa TV a m'ma 1980, chithunzi chake ndi cha 4:3 (m'lifupi magawo 4, msinkhu magawo 3), pomwe TV za masiku ano ndi zotambalala kwambiri, za 16:9. N'chifukwa chake kumanzere ndi kumanja kumatsala mdima. TV sinawonongeke ayi, ndi mmene filimuyo anaijambulira.

Ambiri amathamangira kudina Wide kapena Zoom kuti chithunzi chidzaze. Mukasankha Wide, anthu amafutukuka, nkhope zimaphwatalala. Zoom ndiye yoipa kuposa, imadula pamwamba ndi pansi, kota yathunthu ya chithunzi, moti chipewa cha munthu ndi mawu omasulira olembedwa m'munsi zimasowa. Pa menyu ya TV lowani mu Picture Size, sankhani 4:3 kapena Original, basi.

Chimene chimawononga kwambiri ndi china. Filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma TV zatsopano zimapeka zithunzi zina n'kuzilowetsa pakati kuti kuyenda kusalale. Pa mpira zimathandiza, koma filimu yakale imangooneka ngati vidiyo ya pa ukwati. Kupeka zithunzi kumeneku Samsung amakutchula Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG ndi TruMotion, Sony ndi Motionflow. Zimitsani.

Timadontho ting'onoting'ono tooneka pa filimu yakuda ndi yoyera si litsiro, n'timene timaipatsa ulemerero wake. Noise Reduction, imene imayeretsa chithunzi pa TV, ikatifafaniza, khungu la anthu limasalala mopitirira n'kutaya makwinya. Izimitseninso, tsitsani Sharpness, ndipo chokani pa Vivid mupite pa Movie kapena Cinema kuti zoyera zisatuwire ku buluu.