Mukafika ku Japan, kayendeni chonchi ku farol ya Inubosaki

Ife a ku Ulongwe madzi akulu omwe timawadziwa ndi Zambezi tikamawoloka pa mlatho ku Tete basi, ndiye wina akapeza mwayi wa maphunziro ku Japan ine ndimati osangothera m'mashopu a ku Tokyo ayi, patulani tsiku limodzi mukaone farol, nsanja ija yokhala ndi nyali yolondolera sitima zapanyanja usiku. Amene munafikako ku Beira mukuidziwa ya ku Macuti. Iyi ndikunenayi ili ku Inubosaki, m'tauni ya Choshi, chigawo cha Chiba.

Lawirani m'mawa ndithu chifukwa amatseka dzuwa likadalipo. Pa Tokyo Station kwerani sitima ya Shiosai, maola awiri osakwana bwino mwafika ku Choshi. Pamenepo musinthe mukwere kasitima kakang'ono ka Choshi Dentetsu, kamayenda mwaulesi m'minda ya kabichi moti mungayese muli kwathu ku Angónia, mutsikire pa Inubo kenako wapansi mphindi 10.

Mukafika musathamangire kukwera, yambani mwaima pansi n'kuyang'ana khomalo. Layera ndi penti koma mkati ndi njerwa, zoposa 190,000, ndipo khomalo ndi lamagawo awiri, lakunja ndi lamkati. Anajambula pulani ndi Richard Henry Brunton wa ku Scotland, nyali inayaka koyamba mu 1874. Chimene chimandisangalatsa ine n'choti mkuluyu ankakayikira njerwa za ku Japan, eni dziko anakakamira kuumba zawo ndi dothi lakwawo, ndipo mpaka lero nsanja ili chilili m'dziko la zivomezi. Ife oumba njerwa kuseri kwa nyumba nkhani imeneyi timve bwino.

Pachipata pali kandalama kochepa kolipira, khalani ndi ma yen m'thumba. Masitepe alipo 99, ozungulira ngati chigoba cha nkhono komanso opanikiza, ndiye wina akamatsika mumpatse mpata, ndipo chikwama chachikulu chikuvutitsani. Nsanjayi ndi yotalika mamita 31. Pamwamba mphepo yake si yamasewera, chipewa ndi foni gwiritsitsani, ikanyanya sakwezako anthu n'komwe.

Nyaliyo ili mkati mwa galasi lalikulu lamizeremizere lotchedwa Fresnel, limasonkhanitsa kuwala n'kukuponya kutali, makilomita oposa 30, ndipo imaphethira kamodzi pa masekondi 15 aliwonse. Woyendetsa sitima amawerenga kaphethiridweko n'kudziwa kuti apa ndi pa Inubosaki osati pena.

Mukatsika lowani m'kanyumba kosungiramo zakale pambalipo, muonenso nyumba ya lipenga lomwe ankaliza kukachita nkhungu. Pachipata pali bokosi la makalata loyera, pomwe ambiri ku Japan ndi ofiira, jambulitsanipo. Pobwerera gulani nure-senbei pa siteshoni ya Inubo, timabisiketi tampunga tonyowa ta mchere, kakomedwe kake n'kachilendo koma malonda ake ndi amene akhala akuthandiza kuti kasitima kaja kasaime.