Chochita Mwana Akatentha Thupi Kunyumba

Konzani izi: madzi owiritsa, paketi ya Thanzi ORS, Panado wa ana, kansalu koyera.

1. Mvuleni zovala zokhuthala. Musamuunjikire mabulangete.
2. Mpukuteni ndi kansalu koviika m'madzi ofunda pang'ono, osati ozizira.
3. Mpatseni Panado molingana ndi kulemera kwake, osapitirira kanayi patsiku. Aspirin ayi.
4. Sungunulani Thanzi monga zalembedwa papaketi, muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Woyamwa apitirize kuyamwa.
5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: thupi likazizira ndi Panado amayesa wachira. Kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo chonde musamupatse LA wotsala kwa wina.

Akakomoka, akamakana kuyamwa, akasiya kukodza, kapena ngati sanakwane miyezi 3, thamangirani naye kuchipatala pomwepo.