Kubzala kanjedza wa ku China pakhomo mu Blantyre

Mtengo umene ndimaukonda pakhomo ndi Trachycarpus fortunei, kanjedza wa masamba otambalala ngati chikupiziro, thunthu lake lokutidwa ndi ulusi wokhakhala. Kwawo ndi kumapiri a ku China, ndipo umapirira kuzizira kofika -12°C. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chija chimatikhalitsa m'nyumba ku Bangwe ndi ku Chigumula, sichiuopsa konse. Chimene chimauvutitsa kuno ndi dzuwa la mu Okutobala komanso madzi odikha pamizu.

Choncho yambani ndi malo. Sankhani pamene dzuwa limawomba m'mawa koma masana pamagwa mthunzi, monga kum'mawa kwa nyumba. Pamtetete ayi, mphepo imang'amba masamba mtengo n'kumaoneka wosasamalika. Muutalikitse mamita awiri kuchoka pakhoma, ndipo musaubzale pansi pa mawaya a ESCOM, chifukwa ukakula umatha kufika mamita 10.

Bzalani mu Disembala mvula itakhazikika. Kumbani dzenje la masentimita 60 kuya ndi m'lifupi momwe, muthiremo ndowa ya madzi, mudikire. Akagonamo mpaka mawa, dothilo ndi katondo wogwirana. Sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino, ndipo mbande ikhale pakachulu pang'ono. Musaikwirire kupitirira pamene dothi linalekezera m'chubu.

Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze thunthu, paja chiswe sichichedwa kubwera. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndowa imodzi kawiri pa sabata ikwanira. Madzi a sopo ochapira musathireko.

Apa ndiye ndikupempheni ndithu: musadule masamba obiriwira. Ambiri amasadza kuti pakhomo paoneke paudongo, osadziwa kuti masamba akalewo ndiwo akudyetsa atsopano. Chotsani okhawo amene auma. Kunsonga musayandikizeko chikwanje, chifukwa mtengowu umaphukira malo amodzi okha, ndipo pakawonongeka pamenepo wonse wafa. Anyamata osesa pabwalo muwauziretu.

Umakula pang'onopang'ono, zaka zoyamba mungaganize kuti waima. Mukafuna kufesa nokha, dziwani kuti pali mtengo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo njere zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zimere. Kanjedza wathu wam'madambo, uja timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza, ndi wokongola nayenso, koma ali ndi minga ndipo amaphukira ana ambiri m'munsi. Pabwalo laling'ono posewerera ana, ine ndingabzale wa ku China.