Momwe mungazindikirire head vase yakale ndi kudziwa mtengo wake

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ogulitsa maluwa ku America ankakonda kuika maluwa m'zidole za dongo lowotcha zoumbidwa ngati mutu wa mzimayi wotchena: milomo yofiira, ndolo za ngale, chipewa, kenako bowo pamwamba pa mutu lolowetsamo maluwawo. Dzina lake ndi head vase. Zinali zotchipa, moti maluwa akafota ambiri ankangozitaya. Lero anthu amazisaka. Ngati mwachipeza m'sitolo ya katundu wakale, kaya ku Ohio kaya ku London, musathamangire kutulutsa ndalama chifukwa cha nkhope yokongolayo.

Choyamba, chitembenuzeni muone pansi pake. Zambiri zinkaumbidwa ku Japan, koma dzina lomwe mupezepo ndi la kampani ya ku America yomwe inkaziitanitsa: Napco ndi Inarco za ku Ohio, Lefton ndi Relpo za ku Chicago, kapena Enesco. Manambala olembedwa pansi pa zidole za Napco nthawi zambiri amayamba ndi C, ndipo ena ali ndi chaka pambali, monga 1956 kapena 1958. A Inarco amayamba ndi E. Kampani ya Inarco inayamba mu 1960, choncho wina akakuuzani kuti chidole chake cha Inarco n'cha m'ma 1940, akukunamizani. Mukapanda kupeza dzina musagwe mphwayi. Zambiri zinkangomatidwa kapepala konyezimira kolembedwa Japan, ndipo kapepalako kanachoka kalekale potsuka.

Zoumbidwa ku America komweko ziliponso. Zotchuka ndi za Betty Lou Nichols wa ku La Habra, California. Zake n'zolemera m'manja, nsidze zake zazikulu zakuda, ndipo zipewa ndi zovala zake ankaziumba ndi manja.

Chachiwiri, fufuzani zilema, ndipo apa ndiye pofunika kudekha. Yambani ndi nsidze, chifukwa n'zopyapyala ndipo zimabenthuka msanga. Pitani ku zala, ngati chidolecho chili ndi dzanja lofika patsaya. Chala chimodzi chothyoka chimagwetsa mtengo kwambiri. Yendetsani chala chanu m'mphepete mwa chipewa, pa riboni ndi pa timaluwa toumbidwa patsitsi, pakuti khungu limamva pamene diso laphonya. Suzumirani m'kati: madontho a madzi ndi timing'alu tonga ukonde wa kangaude zimasonyeza kuti chinagwiradi ntchito, ngakhale timing'aluto tikachuluka kumaso ogula amabwerera m'mbuyo. Ngati muli ndi tochi ya UV (yonga yomwe amaunikira ndalama pofuna kuona ngati n'zachinyengo), walitsani pa chidolecho mumdima. Pamene anamata ndi guluu kapena kupakanso penti pamaoneka mosiyana ndi pena ponse. Ine chidole chobenthuka poyera ndimachikonda kuposa chokonzedwa mobisa, chifukwa ndimadziwa chomwe ndikugula.

Onaninso ngati ndolo ndi mkanda zilipo. Timabowo m'makutu popanda ndolo ndiye kuti zinatayika.

Chachitatu, yezani kutalika. Zambiri zimakhala masentimita 10 mpaka 18, ndipo zazikulupo n'zosowa, motero zimadula. Dzanja lokhala ndi zikhadabo zopaka utoto, magolovesi ndi tsitsi lokonzedwa mwaluso zimakwezanso mtengo.

Chachinayi, funsani kuti nkhopeyo ndi ya ndani. Inarco inatulutsa mu 1964 chidole cha Jackie Kennedy, mkazi wa pulezidenti wakale wa America John F. Kennedy, atafunda mpango kumutu, nambala yake E-1852. Relpo inali ndi cha katswiri wa mafilimu Marilyn Monroe, chomwe chagulidwapo pa madola opitirira 1,000. Koma poti izi ndi zomwe zimabweretsa ndalama, ndi zomwenso akamberembere amakopera. Chokopera nthawi zambiri chimakhala ndi penti yokhuthala, maso opakidwa mwachisawawa, ndipo pansi pake n'poyera mbee ngati sichinakhalepo pashelefu. Dzina la munthu wotchuka lomwe wogulitsa wangolipereka yekha, poti tsitsi lafanana, musalilipirire.

Pomaliza, mtengo. Lowani pa eBay, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amagulitsirapo katundu, lembani dzina la kampani ndi nambala ija, ndiye musankhe zomwe zinagulidwa kale, osati zomwe zikudikira wogula. Munthu atha kulemba madola 300 chidole n'kukhala zaka ziwiri osagulidwa. Yerekezani zitatu kapena zinayi zofanana ndi chanu kukula ndi zilema. Mupeza kuti zofala zimangogulidwa madola makumi angapo. Ngati mukugulitsa muli kutali ndi America, komwe kuli ogula ambiri, chotseranitu ndalama yotumizira, popeza chinthu chosweka chimafuna kukulungidwa bwino.

Chinanso, musachiviike m'madzi pofuna kuti chiwale musanachijambule. Pa zidole zina utoto wa milomo ndi zikhadabo unapakidwa zitawotchedwa kale, ndipo umasuluka ndi sopo. Kansalu kofewa kapena kaburashi kouma n'kokwanira.