Momwe mungasankhire ndi kusamalira njinga yolimbitsira thupi m'nyumba ya munthu waulumali

Njinga yolimbitsira thupi, ija imaima malo amodzi munthu n'kumapalasa, imathandiza kwambiri anthu amene miyendo kapena mikono yawo inafooka chifukwa cha sitiroko, poliyo, ngozi yapamsewu kapena kuvulala kwa msana, makamaka kuno ku Mangochi kumene ulendo wokachita mafizo kuchipatala umadya ndalama ndi tsiku lathunthu ngati munthu akuchokera kutali monga ku Makanjira kapena ku Namwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti njinga zambiri zotere zimathera pakona ya chipinda zitasanduka poyanika zovala, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala phokoso losowetsa mtendere kapena kachitsulo kamodzi kamene katha koma sikapezeka m'boma lathu lonse. Zimene ndilembe pano ndinaziphunzira pogulira njinga achimwene anga amene anafa ziwalo za mbali yakumanzere, komanso poisamalira kuchokera nthawi imeneyo. Mfundo yanga ndi yakuti mugule njinga imene mmisiri wokonza njinga za kabaza angathe kuimasula ndi zida zimene ali nazo kale.

Musanapite kukafunsa mitengo, kambiranani ndi a mafizo kapena dokotala amene amamuona wodwalayo, chifukwa iwo ndi amene anganene ngati mtima ndi kuthamanga kwa magazi zikulola, komanso mtundu wa njinga umene ungamuyenere. Mwiniwake wodzapalasayo akhalepo pa zokambiranazo ndipo mawu ake amveke, pakuti ndi iye amene akudziwa pamene thupi limamuwawa. Njinga yofanana ndi yamsewu, ya chishalo chaching'ono m'mwamba, ndi yoyenera okhawo amene amatha kuima ndi kukhala osagwiriridwa. Kwa munthu amene amapendekera mbali imodzi kapena amachoka pa wilutcheya, yabwino ndi yotsamira, ya mpando waukulu wokhala ndi chotsamira kumsana ndi zogwirira m'mbali, mapedulo ali kutsogolo, ndipo pakati pake pakhale potsika kwambiri kuti mwendo wofooka ungodutsa popanda kuunyamula. Palinso kamakina kakang'ono ka mapedulo okhaokha kamene kamaikidwa pansi kutsogolo kwa mpando, kapena patebulo kuti munthu azipalasa ndi manja. Kameneka n'kotsika mtengo ndipo kamalowa m'chikwama, koma kamathawa pasimenti, choncho kamafuna kukatsamiritsa kukhoma kapena kukamangirira kumiyendo ya mpando.

Njinga imodzi ndikukupemphani kuti muipewe ngakhale itatchipa bwanji: ija ya m'malo ochitira majimu, ya gudumu lolemera kutsogolo limene likayamba kuzungulira mapedulo amapitiriza okha ngakhale munthu atasiya kupalasa. Mwendo wofooka ukaterereka kapena ukauma mwadzidzidzi, monga zimachitikira kwa anthu ovulala msana, pedulo imabwerera n'kumenya msongolo kapena kupotola bondo. Poyesa, zunguzani pedulo ndi dzanja kenako muigwire. Ngati ikukukokani mwamphamvu osafuna kuima, isiyeni.

Za phokoso, zinthu ziwiri ndi zimene zimalamula. Choyamba ndi chimene chimalemetsa kupalasa. Njinga zina zili ndi kansalu kochindikala kamene kamakhula gudumu ngati buleki, ndipo kameneka kamalira, kamatha, komanso kamatulutsa fumbi. Zina zili ndi chipupiza cha mphepo chimene chimalira kwambiri munthu akawonjezera liwiro. Zabwino koposa ndi za maginito, chifukwa maginitowo amangoyandikira gudumu osalikhudza, ndiye palibe chokhulana ndipo palibe chotha. Musankhe ya maginito yosintha ndi kachotembenuza ka dzanja, osati yosintha ndi mabatani a magetsi, poti magetsi akazima kapena kabokosi ka mabatani kakapsa njinga yonse imakhala yopanda ntchito, pamene ya dzanjayi imangokoka waya wofanana ndi wa buleki umene mmisiri aliyense angathe kusintha. Chachiwiri ndi chimene chimalumikiza mapedulo ndi gudumu. Tcheni chimapezeka pamsika uliwonse koma chimalira ndipo chimafuna oyilo, pomwe lamba samveka n'komwe ndipo safuna mafuta, kungoti sapezeka msanga. M'nyumba za lendi zogundana khoma, kumene munthu amafuna kupalasa m'mamawa dzuwa la Okutobala lisanayambe kuwotcha malata, ine ndimasankha lamba, bola ngati nambala yosindikizidwa pamsana pake ikuwerengeka. Ilembeni nambalayo m'kope tsiku lomwelo, ndipo mukapeza mpata wopita ku Limbe kapena ku Lilongwe mugule lamba wina wosungira.

Apa mpofunika kunena za ogulitsa. Njinga zambiri zimene anthu wamba angakwanitse ndi za kaunjika, ndipo zina zimalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi zithunzi zowala zotengedwa pa intaneti. Musatumize ndalama pafoni musanaione ndi maso, kapena musanatume wachibale wodalirika kukaikwera. Wogulitsa amene akukana kuti mutsegule chivindikiro cha pulasitiki, akumati «ndi yatsopano iyi bwana, ingotengani», ali ndi chimene akubisa. Pokambirana mtengo musaiwale kuwerengera ndalama yonyamulira kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde, chifukwa njinga yotsamira ndi yaitali ndipo a minibasi amailipiritsa ngati anthu angapo. Onaninso kapepala komatidwa pachitsulo kamene kamanena kulemera kwa munthu kumene njingayo ingapirire.

Tsopano ndifike pa gawo limene linandipweteka, la mapedulo ndi kiranki, mkono wachitsulo uja umene pedulo imamangidwapo. Njinga ya achimwene itafika inkayenda mwakachetechete, koma pasanapite nthawi kumanzere kunayamba kumveka kaphokoso kakuti tcha, tcha, kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndipo phazi lawo lofooka linayamba kugwedezeka ndi kutsetsereka. Mmisiri wapamsika atamasula, tinapeza kuti mazinga a m'kiranki anali atadyeka kalekale, ndipo wogulitsa anali atangokulunga pedulo ndi timawaya ta kopa n'kupakapo guluu kuti igwire mpaka ndalama ilowe m'thumba. Mmisiriyo anandionetsa timapalepale tachitsulo tonyezimira titamatirira pachala chake, n'kunena kuti munthu wina anakakamiza pedulo yakumanja m'bowo lakumanzere.

Zimenezi zimachitika chifukwa mapedulo awiriwa sapotokola mofanana. Yakumanja, yolembedwa R, imamangidwa motsatira mmene mivi ya wotchi imayendera, monga bawuti ina iliyonse. Yakumanzere, yolembedwa L, mazinga ake ndi otembenuka, ndiye imamangidwa mobwerera. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti sipanala ikakhala choimirira pamwamba pa pedulo, mbali zonse ziwiri zimamangidwa poikankhira kutsogolo kwa njinga. Nthawi zonse yambani kulowetsa pedulo ndi zala zokha mutapaka girizi pang'ono, ndipo ikakana pakuzungulira koyamba kapena kwachiwiri, itulutseni muyambirenso. Sipanala ya 15 ibwere pomaliza penipeni. Dziwaninso kuti mapedulo ali ndi misinkhu iwiri ya mazinga, ya 9/16 inchi ndi ya 1/2 inchi, ndipo siilowana, choncho pokagula ina muzitenga yakaleyo m'manja.

Chimene chimafunika kusamala koposa ndi pamene kiranki yalumikizana ndi chitsulo chapakati. Pa njinga zambiri chitsulocho chili ndi nsonga ya ngodya zinayi imene imalowa m'bowo la ngodya zinayi, n'kumangidwa ndi bawuti kapena nati yobisika pansi pa kachivindikiro. Bawutiyo ikamasuka pang'ono munthu n'kupitiriza kupalasa, bowolo limakula ndi kubulungira, ndipo likatero ngakhale mutamanga ndi mphamvu zanu zonse limamasukanso mawa lake. Kwa munthu wa sitiroko vutoli limabwera msanga, chifukwa mwendo wamphamvu umakankha mwankhanza pamene wofooka ukungotsatira, ndiye chitsulo chimalandira mphamvu yosalingana. Musanalipire, gwirani kiranki iliyonse muigwedezere mkati ndi kunja. Isasunthe ngakhale pang'ono. Mukatero masulani mapedulo onse awiri pamaso pa wogulitsa muone mazinga ndi tochi ya pafoni. Mukaona guluu, waya, kapepala ka malata kokhomeredwa m'bowo kapena chipsera cha kuwotcherera, dziwani kuti kirankiyo yatha, ndipo mtengo utsike kapena muchokepo. Ife tinapulumuka chifukwa yathu inali ya ngodya zinayi ndipo mmisiri anapeza kiranki yakumanzere ya njinga wamba yautali wofanana. Kuwotcherera pedulo kukiranki, kumene ena amakulangizani kuti musunge ndalama, kumangosamutsira vutolo kutsogolo, chifukwa tsiku limene pedulo idzathe mudzataya zonse pamodzi.

Pa mapedulo pomwepo, phazi lofooka limafuna chogwira kumwamba ndi kuchidendene komwe. Malamba apulasitiki amene amabwera ndi njinga amauma n'kuthyoka ndi kutentha kwa kuno. Wosoka nsapato angathe kukusokerani malamba achinsalu otakata okhala ndi chomatira, koma asakhale a malegeni, chifukwa mphira umafinya, ndipo munthu amene phazi lake silimva kuwawa angathe kuchita chilonda osadziwa. Apalase atavala nsapato zotseka, ndipo akamaliza muziona khungu la mapazi ndi la matako.

Kuika njinga m'nyumba sikuvuta. Ikhale pamalo osapendekeka, pansi pake muyale chidutswa cha kapeti kapena mphira wochindikala, ndipo mbali imene munthu amakwerera pakhale malo okwanira wilutcheya kapena ndodo. Mpando muusunthe mpaka bondo lizitsala lopindika pang'ono pedulo ikafika patali penipeni. Ayambe ndi mphindi 5 kapena 10 popanda kulemetsa, wina ali pafupi, madzi akumwa ali pambali. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limalimbikitsa akuluakulu, kuphatikizapo aulumali, kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, koma kumeneko munthu amafikako pang'onopang'ono motsatira uphungu wa a mafizo. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena mutu waukulu wadzidzidzi, asiye nthawi yomweyo ndipo apite kuchipatala.

Kusamalira kwa tsiku ndi tsiku ndi kupukuta thukuta, chifukwa mchere wake umabweretsa dzimbiri pamabawuti ndi panjanji ya mpando, kenako kufunditsa njinga ndi chitenje kuti mchenga ndi fumbi zisalowe. Mwezi uliwonse limbitsani mabawuti onse, kuyambira a kiranki. Lamba musamuthire oyilo; akayamba kuterereka, mukokeni pang'ono ndi mabawuti a m'mbali mwa gudumu. Kulira kokhala ngati kupera kumachokera ku mabering'i, tizitsulo tokhala ndi timipira mkati tothandiza gudumu ndi mapedulo kuzungulira mofewa, ndipo nambala yake, monga 6203 kapena 6004, imalembedwa m'mphepete mwake. Ogulitsa zipangizo za njinga zamoto ndi zamagalimoto amakhala nawo ambiri a mtundu umenewu. Kawotchi kowerengera nthawi kakafa, sinthani mabatire, ndipo kakakanabe gwiritsani ntchito wotchi ya pafoni, popeza njinga ya maginito a dzanja imayenda bwinobwino popanda iko.