Kamenyedwe ka wankhonya wachikulire pa mpikisano wa lamba

Wankhonya wa zaka 38 kapena 40 akamazungulira m'ringi, kuponya chibakera chimodzi n'kukumbatira mnzake, owonerera amayamba kumukuwiza kuti wachita mantha. Koma amene ali pakona yake amadziwa kuti munthuyo akuwerengera mphamvu zimene ali nazo kuti zimufikitse ku belu lomaliza ali kutsogolo pa mapointi. Kamenyedwe kameneka kamaphunziridwa, kali ndi ndondomeko yake, ndipo kakalakwika pang'ono kamaluzitsa lamba mochititsa manyazi. Zotsatirazi ndi za aphunzitsi ndi ankhonya amene afika msinkhu umenewu.

Yambani ndi masamu a majaji

Mpikisano wa lamba wa dziko lonse wa amuna umakhala wa maraundi 12, iliyonse ya mphindi zitatu, ndi mphindi imodzi yopumula pakati. Kale unali wa maraundi 15, koma bungwe loyendetsa nkhonya la WBC linachepetsa pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim, amene anavulala pomenyana ndi Ray Mancini mu 1982, ndipo mabungwe ena anatsatira. Majaji amakhala atatu. Wopambana raundi amapatsidwa mapointi 10, wogonja 9. Akagwetsedwa, raundiyo imakhala 10-8.

Ndiye werengani. Mukatenga maraundi asanu ndi awiri, mnzanu asanu, mwapambana 115-113. Mukagwa kamodzi mu imodzi mwa maraundi amene mwaluzawo, zikhala 114-113, mukadali patsogolo koma movutikira. Woyimbira akakuchotseraninso pointi imodzi chifukwa chogwiragwira, zafika 113-113. Pakakhala kufanana mphamvu, lamba amatsala kwa mwini wake. Bernard Hopkins anaziona zimenezi mu December 2010 ku Quebec City: Jean Pascal anamugwetsa kawiri kumayambiriro, Hopkins analamulira maraundi ambiri otsatira, koma mapeto ake kunali kufanana ndipo Pascal anabwerera ndi lamba wake.

Apa pali chifukwa choyamba cha kusamala. Kugwa kumodzi kumadya phindu la raundi yathunthu imene munaikhetsera thukuta. Apanso pali kusiyana kwa mwini lamba ndi wofuna kulanda. Mwini lamba angathe kusamala kwambiri chifukwa kufanana kumamukomera. Wolanda alibe mwayi umenewo, ayenera kutenga maraundi ake moonekera.

Zimene thupi limataya ndi zimene limasunga

Mphamvu ya chibakera imachedwa kutha. George Foreman anali ndi zaka 45 pamene anakomola Michael Moorer mu raundi ya 10 ku Las Vegas pa 5 November 1994, ali kumbuyo pa makadi a majaji onse atatu. Chimene chimayamba kuchoka ndi miyendo, kenako changu cha maso ndi khosi. Wachikulire amaliona dzanja likubwera monga kale, koma mutu umachedwa kuchoka panjira ndi kamphindi kakang'ono, ndipo kamphindiko n'kokwanira.

Chachiwiri ndi befu. Mnyamata wa zaka 25 akaponya zibakera khumi motsatizana, amapuma kawiri katatu n'kuyambiranso. Wa zaka 40 akatero, amalipira raundi yonse yotsatira. Mphindi imodzi ya pampando siimubwezeranso mpweya wonse.

Palinso zipsera za pamwamba pa maso, zimene zimang'ambika msanga kusiyana ndi khungu labwino, ndi manja amene anathyokapo kapena kutupa kambirimbiri. Floyd Mayweather ankadziwika ndi vuto la manja, ndipo m'zaka zake zomaliza, kuphatikizapo pomwe anagonjetsa Manny Pacquiao mu May 2015 ali ndi zaka 38, ankasankha zibakera zochepa zolunjika m'malo moponya mwachisawawa. Chibwano nachonso sichibwerera mwakale. Munthu amene anakomokapo kangapo amagwa ndi chibakera chimene poyamba akanachipirira.

Kukonzekera

Patulani masabata asanu ndi atatu kapena khumi. Chepetsani kumenyana kwa mphamvu pokonzekera: kawiri pa sabata n'kokwanira, ndipo kulekeretu masiku khumi mpikisano usanafike, kuti bala likachitika lisasokoneze zonse. Ankhonya achikulire ambiri amasiya mphamvu zawo ku malo ophunzirira, n'kukalowa m'ringi atatopa kale. Ophunzira nawo akhale achinyamata othamanga, osinthana pakatha maraundi atatu alionse, kuti wachikulire azolowere kukumana ndi munthu wosatopa iye atatopa.

Sikelo isadikire sabata yomaliza. Pa gulu la light heavyweight malire ndi mapaundi 175, pafupifupi makilogalamu 79.4. Wachikulire azifika sabata yomalizayo atapitirira ndi makilogalamu awiri basi. Kudzimana madzi kuti mutaye makilogalamu asanu m'masiku awiri kumafooketsa miyendo, ndipo munthu wouma thupi sapirira nkhonya za m'mutu. Ngati ndi lamba wa bungwe la IBF, kumbukirani kuti amayezanso m'mawa wa tsiku la mpikisano, ndipo simuyenera kupitirira malire ndi mapaundi oposa 10.

Kuunika ubongo ndi maso kusadumphidwe ngakhale okonza mpikisano atapanda kufunsa. Dokotala akanena kuti ayi, nkhani yathera pomwepo.

M'ringi

Maraundi awiri oyamba ndi owerengera mnzanu. Ponyani jab (chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo), osati yofuna kuvulaza, koma yoyezera mtunda ndi kuona zimene iye amachita ikabwera. Kodi amabweza ndi dzanja lamanja pamwamba pake? Kodi amabwerera m'mbuyo molunjika? Kodi akamaliza kuponya amatsitsa dzanja lamanzere? Mumenyeni njomba ndi phewa kapena phazi, muone mbali imene amathawira. Zimenezi n'zimene mudzagwiritse ntchito kuyambira raundi yachitatu. Koma musapereke maraundi awiriwa mwaulere. Raundi yopanda zochitika imapita kwa amene wafikitsa zibakera zitatu kapena zinayi zooneka bwino, ndipo zimenezo wachikulire angathe.

Ntchito yaikulu ndi yochepetsa liwiro la nkhonya yonse. Mnyamata amafuna aponye zibakera 70 kapena 80 pa raundi. Mukamulola, mwagonja. Muyenera kumutsitsa afike pa chiwerengero chimene inu mungakwanitse, ndipo njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi mapazi. Munthu saponya mwamphamvu asanaponde bwino. Mukaona kuti waponda, sunthani sitepe imodzi kumbali, ayambenso kukufunani. Ngati amatsogoza phazi lamanzere, zungulirani cha kumanja kwanu kuti mutalikire dzanja lake lamanja, koma dzanja lanu lamanja likhale pa tsaya chifukwa mukupita kumene chibakera chake chokhota chamanzere chimachokera. Ngati ndi wamanzere, wotsogoza phazi lamanja, phazi lanu lakutsogolo likhale kunja kwa lake. Kusuntha kumeneku n'koyenda, osati kothamanga. Wachikulire wothamanga kuzungulira zingwe amathetsa miyendo yake pofika raundi yachisanu ndi chimodzi.

Yachiwiri ndi kumulanga akaponya. Nthawi iliyonse akaponya jab, bwezani dzanja lamanja pamwamba pake kapena ku nthiti. Zikamuchitikira katatu kanayi amayamba kuganiza asanaponye, ndipo woganiza amaponya zochepa. Umu ndi momwe Hopkins, ali ndi zaka 48, anachitira ndi Tavoris Cloud ku Brooklyn pa 9 March 2013. Cloud anali ndi zaka 31, anali asanagonjepo, ndipo ankadziwika ndi kuponya kosalekeza. Anatha usiku wonse akutsatira munthu amene sankaima pamalo amodzi, ndipo Hopkins analanda lamba wa IBF pa mapointi, 117-111, 116-112 ndi 116-112.

Yachitatu ndi kugwira, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kugwira kwabwino kumabwera mutaponya, osati m'malo moponya. Fikitsani chibakera chimodzi kapena ziwiri, lowani ndi sitepe yomweyo, mutu wanu ukhale pambali pa wake osati kutsogolo, manja anu apanikize zigongono zake. Mutembenuzeni kuti msana wake uloze ku zingwe. Woyimbira akati musiyane, bwererani sitepe yathunthu manja ali m'mwamba, chifukwa ambiri amamenyedwa pa nthawi yosiyanayi. Majaji aona chibakera chanu, chake sanachione, ndipo inu mwapuma masekondi asanu. Kugwira musanaponye, kukanikiza khosi lake pansi, kapena kugwira kasanu pa raundi, kumabweretsa chenjezo kenako kuchotsedwa pointi. Wladimir Klitschko anachotsedwa pointi chifukwa chogwira pomenyana ndi Bryant Jennings mu 2015, ngakhale anapambanabe.

Kenako sankhani nthawi yogwira ntchito. Simungamenye mphindi zonse zitatu, choncho gawani raundi: masekondi 20 oyamba onetsani kuti mulipo, pakati yendani ndi kutchinga, masekondi 30 omaliza fikitsani zibakera zanu zabwino. Pakona pakhale munthu wofuula nthawi ikakwana. Majaji ndi anthu, ndipo zimene aona pomaliza n'zimene zimakhala m'mutu akamalemba. Sankhaninso maraundi opumira. Ngati mwatenga yachitatu, yachinayi ndi yachisanu, mungathe kuisiya yachisanu ndi chimodzi, bola musagwe kapena kuvulala. Kuluza 10-9 mwadala kuti mupeze mpweya wa maraundi atatu otsatira ndi malonda abwino. Choipa n'kusiya ziwiri zotsatizana, chifukwa mnyamata amalimba mtima ndipo majaji amazolowera kulemba dzina lake.

Zingwe ndi zoopsa. Anthu amakumbukira Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974, atatsamira zingwe mpaka Foreman anatopa n'kugwa mu raundi ya 8. Ali anali ndi zaka 32 zokha ndipo anapirira nkhonya zoopsa za m'nthiti ndi m'manja usiku umenewo. Musamuphunzitse wa zaka 40 zimenezo. Msana ukakhudza chingwe, chokanipo kapena gwirani.

Pakona

Mphindi yopumula imathera m'kulankhula kosafunika. Masekondi 15 oyamba munthu akhale pansi, miyendo yotambasula, apume mozama, wina asalankhule. Wosamalira mabala agwire ntchito yake nthawi yomweyo: kupanikiza bala ndi kathonje konyowetsedwa ndi mankhwala oletsa magazi a adrenaline, chitsulo chozizira pa chotupa, mafuta pang'ono pa nsidze. Madzi akhale omwa pang'ono. Malangizo asapitirire awiri.

Ndipo mphunzitsi anene zoona za mapointi. Raundi iliyonse yokayikitsa muiwerengere mnzanuyo, makamaka ngati mukumenyera kwawo. Pa mipikisano ina ya WBC amalengeza makadi ikatha raundi yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu, koma kwina konse muyenera kudziwerengera nokha. Dziwaninso lamulo la mabala: bala lobwera ndi kugundana mitu mwangozi likaimitsa nkhonya maraundi anayi atatha, amapita ku makadi. Wachikulire wa zipsera amene wapereka maraundi oyamba poyembekezera kudzatenga omaliza angathe kugonja asanayambe n'komwe.

Pamene kusamala kumaluzitsa

Klitschko anamanga ufumu wake pa kusamala. Atakomoledwa ndi Corrie Sanders wa ku South Africa mu 2003 ndi Lamon Brewster mu 2004, mphunzitsi Emanuel Steward anamukhazika pa jab, dzanja lamanja lolunjika ndi kugwira, ndipo anasunga malamba kwa zaka zoposa zisanu ndi zinayi. Koma pa 28 November 2015 ku Düsseldorf, ali ndi zaka 39, anakumana ndi Tyson Fury, munthu wamtali kuposa iye, wosuntha ndi wa njomba zambiri. Klitschko anadikira mpata woyera woponyera dzanja lamanja, mpatawo sunabwere, maraundi anapita. Anadzuka mu raundi yomaliza madzi atafika kale m'khosi, ndipo anagonja 115-112, 115-112 ndi 116-111. Sanavulazidwe kwambiri. Anangosiya kuponya.

Chizindikiro chake chimaoneka msanga: dzanja lamphamvu lili chikonzekere koma silichoka, wankhonya akubwerera pakona osatopa komanso osafikitsa kanthu. Ikatha raundi yachisanu ndi chimodzi muli kumbuyo ndi maraundi awiri, ndondomeko isinthe pomwepo. Yambani kuponya ku chifuwa ndi m'mapewa, malo amene sasuntha ngati mutu, ponyani jab ziwiriziwiri, ndipo vomerani kumenyedwa kamodzi kuti mufikitse kawiri. Mukadikira raundi ya 11, chotsala ndi kukomola basi, ndipo si aliyense ali ndi dzanja la Foreman kapena mdani woima patsogolo pake monga anachitira Moorer.

Palinso mdani amene kusamala sikumugwira: wamtali manja, wamphamvu, wodekha, amene sakuthamangirani. Sergey Kovalev anagwetsa Hopkins mu raundi yoyamba ku Atlantic City mu November 2014, kenako anakana kulowa m'misampha yake, anangomumenya ali patali mpaka kutenga maraundi onse 12. Kovalev yemweyu ndi amene Isaac Chilemba wa ku Malawi anapirira naye maraundi 12 ku Ekaterinburg mu July 2016, n'kugonja pa mapointi. Mdani wotere amafuna miyendo yolowa ndi kutuluka msanga, imene Hopkins, wa zaka 49 panthawiyo, analibenso.

Zikafika apo, ntchito ya mphunzitsi ndi yoyang'ana zinthu zitatu: ngati miyendo ikugwedera akamadzuka pampando, ngati akuyankha mochedwa mukamufunsa raundi imene ali, ndi ngati wasiya kubweza akamenyedwa. Ziwiri mwa izi zikaoneka pamodzi, uzani woyimbira kuti munthu wanu sadzukanso, ngakhale iye akane. Hopkins anamenyanso mu December 2016 ali ndi zaka 51, ndipo Joe Smith Jr anamutulutsa kunja kwa zingwe mu raundi ya 8, n'kukagwera pansi kunja kwa ringi.